Mmene Gologolo Adagulitsira Nyimbo ya Amake

Padangokhala. Ha, kuli zii! Ndati padangokhala, inu. Iwe Lufina, kafoni kakoko kaike m'thumba, sikathawa. Ukapanda kuvomera kuti tili tonse, ndisiya nthanoyi ndiyambe nkhani ya mwamuna uja adakuperekeza kumsika. Eyaa, wavomeratu msanga.

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, kudali dziko la Mfumu Njati. M'dzikomo mudali mlambe wa mphako, mphako yodabwitsa. Ukalowamo n'kuimba, ngakhale monong'ona, mawu ako ankamveka dziko lonse, kuyambira kwa a Fuko pansi pa nthaka mpaka kwa a Mphamba kumwamba. Inu mumayesa wailesi idabwera pa sitima? Idayamba ndi mlambe.

Mwambo wake udali wotere: mtundu uliwonse udali ndi m'mawa wake. Lero achule, mawa anjiwa, mkuja ankhululu, kenaka anyani ndi nyimbo zawo zotukwana zija. Ana ankatola nyimbo za makolo awo akusesa pabwalo, osachita kuwakhazika pansi ayi. Za anzawonso ankazidziwa. Njiwa akalira mwakutimwakuti, ngakhale mwana wa Chule ankadziwa kuti kwa anjiwa kwabadwa khanda, tikapereke ufa.

Pakhomo pa mphakoyo padali mlonda, woitana kuti lero alowe uje. Mlondayo adali Gologolo. Kamunthu kochepa, mchira waukulu, nzeru zoposa mchirawo. A Bizaliele musandiyang'ane choncho, sindikunena inu. Inu mchira mulibe, zinazo sindidziwa.

Gologoloyu adali ndi amake, nkhalamba ya mano awiri. Mayiwo ndiwo adatsala okha odziwa nyimbo yoperekezera agologolo kumanda. Nyimbo yaitali ngati njira ya kwa apongozi. Inkatchula makolo a agologolo mmodzimmodzi, uyu adabala uyu, uyu adagwa mumtengo wakuti, uyu adakwatira kwakuti, kuti womwalirayo akafika uko adziwe owapatsa moni. Gologolo woikidwa popanda nyimboyo ankafika kwa makolo ngati mlendo wosadziwa khomo logogoda. Ndiye chaka chilichonse, anthu akakolola, mayiwo ankalowa m'mphako n'kuiimba yonse kuti achinyamata atoleko. Koma achinyamata mukuwadziwa. Chaka chino atola mutu, chaka chamawa atola mwendo, mutu uja ataya. Mwana wawo yemweyo ankangodziwa poyambira.

Chaka china, zokolola zitangolowa m'nkhokwe, kudabwera alendo ochokera kutsidya. Wamkulu wawo adali Chinkhwe, mbalame yovala zobiriwira ndi zofiira, yapakamwa pothwa. Pambuyo pake padali anyamata ake, akakowa, oyera mbee ngati anamwino. Adapeza Mfumu Njati akudzikhula pa tsinde. Nkhupakupa zidamudzadza mpaka m'makutu.

"Wawa mfumu," adatero Chinkhwe. "Zikukusowetsani mtenderezo, kwa anyamata angawa ndi ndiwo. Angakuchotsereni lero lomwe."

"Ndikulipirani chiyani?" idafunsa mfumu, ikudzikhulabe.

"Aaa, kulipira chiyani? Ife ndife oimba chabe. Mungotsekula mphako ija kuti aliyense wofuna azilowa. Wa nyimbo yokoma amveke, wa yoipa akalime."

Nduna ya mfumu idali Nungu, munthu wosaseka wambawamba. Idati, "Mfumu, mlendo ndi mame. Akadzakamuka tidzatsala ndi chiyani?"

Gologolo adalumpha kutsogolo. Chinkhwe adali atamutsina kale khutu kuseri, ndi thumba la mtedza wokazinga wothira mchere.

"A Nduna," adatero, "mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tsitsi lanu lomwelo likufunika kalumo."

Anthu adaseka. Tsono Mfumu Njati adali ndi nthenda imodzi yoposa nkhupakupa: ankagwirizana ndi amene wayankhula pomaliza. Mphako idatsekulidwa.

Tisanamizane, nyimbo za Chinkhwe zidali zokoma. Zazifupi, zoterera, ukaimva kamodzi yakumatirira ngati chisoso pa chitenje. Adali nazo zambiri, poti dziko lililonse limene adadutsa ankatolako. A Kamba omwe, ndi ukalamba wonse uja, ankagwedeza khosi. Mfumu idayamba kugona tulo, khungu lili see. Amene adati palibe chabwino chidabwera ndi alendo aja ndi wabodza.

Koma khomo la aliyense ndi khomo la amene ali ndi mtedza. Chule ankabwera chimanjamanja, Gologolo n'kumuuza kuti, "Achimwene, lero kwadzaza." Nkhululu ankabwera chimanjamanja, "Achemwali, mwachedwa." Chinkhwe ankalowa m'mawa, n'kutuluka dzuwa litapendeka.

Amake Gologolo adabwera ndi ndodo yawo, nakhala pa muzu wa mlambe. Adayamba kanyimbo kawo kopemphera njira. Sidali nyimbo ya maliro ija ayi. Kadali kakang'ono, ka mawu otsika, kofunsa mwana ngati mbalame yongodutsa ingadziwe dzina la agogo ake. Pothera pake pamafunika wovomera, ndiye ankaima n'kudikira. Inu a Zelesi, apa ndi pamene mumayenera kung'ung'udza, osati kuyasamula ngati ng'ona yowothera dzuwa.

Gologolo sadavomere. Adatsika, masaya ali tho ndi mtedza.

"Amayi, mawa. Nyimbo yanuyo njaitali, imadya m'mawa wonse. Kodi mukufa lero?"

"Lero ayi, mwanawe."

"Ndiye mawa."

Mayi adanyamula ndodo, nabwerera.

Padapita nthawi. Kwa anjiwa kudabadwa khanda, koma padalibe mtsikana ndi mmodzi yemwe wodziwa kulira kwa chinjiwa. Onse ankaimba chichinkhwe. Anansi adangoyesa kuti ndi gule wa masiku onse, palibe adabwera ndi ufa. Mayi wa khanda adagona ndi njala m'chikuta. Nungu atamva, adapita kwa mfumu yekha, nthawi imene Gologolo adali ku mlambe, ndipo adayankhula poyamba, nayankhulanso pomaliza.

Mfumu idaitanitsa anthu. "Kuyambira lero," idatero, "m'mphako muziimbidwa za kwathu zokha!"

Chinkhwe adathamangira kwa Gologolo, nthenga zili nyankhalala. "Bwanawe, mtedza wanga wonse uja wapita pachabe?"

"Khazikani mtima pansi. Mawa mubwere monga mwa masiku onse. Ndikakufunsani, muyankhe zoona zokhazokha. Mukangonama pang'ono, mwandiphetsa."

M'mawa mwake Nungu adadzakhala pakhomo pomwepo kuti aone lamulo likugwira ntchito. Chinkhwe adafika. Gologolo adakweza mawu kuti onse amve.

"Imani pomwepo, alendo! Nyimbo mwabwera nayoyi ndi ya kuti?"

"Ya kwathu," adatero Chinkhwe.

"Lowani."

Minga ya Nungu idaima njoo. "Iwe Gologolo! Kwawo n'kutsidya ameneyu!"

"A Nduna, mwamva nokha. Wati ya kwawo, kapena wati ya kwathu?"

Mlandu udapita kwa mfumu. Gologolo adagwada, nawomba m'manja mwaulemu ngati mkamwini watsopano.

"Wawa mfumu, ndifunseko, poti ine ndine wosaphunzira. Chule akati kwathu, amanena kuti?"

"Kudambo."

"Mleme akati kwathu?"

"Kuphanga."

"Nanga amayi akunyumba kwanu akakwiya, n'kumanga katundu, n'kunena kuti ndikupita kwathu, amalowa m'nyumba mwanu?"

Bwalo lonse lidagwa nacho chiseko. Mkazi wa mfumu adabisa nkhope m'chitenje. Mfumu idayang'ana pansi.

"Ndiye mwaona, mfumu," adatero Gologolo. "Kwathu kumakhala m'kamwa mwa wonena. Mlendoyu sadaswe lamulo. Walisunga kuposa tonsefe."

Iwe Nasibeko, usaseke kwambiri. Mawu amenewa umawadziwa bwino. Chaka chino chokha wapita kwanu kangati?

Chinkhwe adapitiriza kuimba. Amake Gologolo adabweranso, ulendo uno akupumira panjira. Adakhala pa muzu womwe uja, nayamba kanyimbo kaja kofunsa za mbalame yongodutsa. Mawu adali atayamba kusasa. Atafika povomera adaima, nadikira. Amene adavomera ndi Nkhululu, ali pansi pa tsamba, poti nayenso adali pamzere wa omwe amauzidwa kuti mawa.

"Amayi," adatero Gologolo, "mwamva mmene ndawagonjetsera pabwalo? Mwana wanu ndi dolo!"

"Ndamva. Lamulo lati za kwathu. Ine ndine wa kuti, mwanawe?"

"Ndinu wa kwathu, amayi, wa kwathu kwenikweni. N'chifukwa chake simungathawe. Mlendoyu ndi wapaulendo, timudyerere akadalipo. Mawa."

Nungu sadagone nazo. Adadikira tsiku limene mkazi wa mfumu adapitadi kwawo chifukwa cha manyazi a pabwalo paja. Mfumu ili yokhayokha, yokwiya, Nungu adailowa m'khutu. Ndipo idatuluka ikufwenthera.

"Ndikati kwathu," idabangula, "ndikunena kwathu kwa ine Njati! Alendo onse achoke m'dziko langa. Chinkhwe, akakowa, onse!"

Gologolo adawaperekeza alendo aja mpaka kumalire, akuchita ngati akuwapirikitsa. Atafika adanong'oneza Chinkhwe kuti, "Musapite kutali. Khalani kuseri komweku. Lamulo ili ndilisunga mpaka mwini wake alisanze."

M'mawa mwake Chule adabwera atasamba, khosi atalitsuka ndi madzi ofunda. Adati lero ndiye lero.

"Imani, achimwene," adatero Gologolo. "Nyimboyi ndi ya kuti?"

"Ya kudambo, pompano apa. Ukundifunsa ngati sundidziwa?"

"Ndinu Njati?"

"Ukuona nyanga pamutu panga?"

"Ndiye pepani. Mfumu yati kwathu kwa iyo Njati. Ine ndine wantchito chabe."

Njiwa adabwezedwa. Nkhululu adabwezedwa. Nungu yemwe, tsiku lina, adabwera mwakachetechete ndi kanyimbo ka anungu kamene amake ankamuimbira ali mwana. Gologolo adamufunsa mokweza kuti, "A Nduna, ndinu Njati?" Nungu adabwerera minga yonse itagona.

Wololedwa adali mwana wa mlongo wake wa mfumu, kamnyamata ka Njati konenepa khosi. Tsono nyimbo ya anjati ili ndi liwu limodzi, ndipo liwulo n'loipa. Lero liwu lomwelo, mawa lomwelo, mkuja lomwelo, dziko lonse kumva. Nkhuku zidaleka kuikira. Achinyamata adayamba kuzemba kumunda, kupita kumalire kukamvera Chinkhwe akuimbira kuseri, ndipo poti zidali zoletsedwa, zidakoma kuposa kale. Nkhupakupa nazo zidamva kuti akakowa adachoka. Zidabwera ndi ana, ndi adzukulu, ndi apongozi.

Amake Gologolo adabwera kachitatu. Ulendo uno ndodo yokha sidakwane, adachita kuwagwiriza mnansi wawo. Kanyimbo kaja kadatuluka ngati ulusi, kopyapyala, kodukaduka. Sadafike n'komwe povomera, chifuwa chidawatsekereza.

Apa Gologolo mtima udamupweteka pang'ono. Adatsika, nakhala pafupi.

"Amayi, pirirani. Ndatchera msampha. Ndikangokulowetsani inu, anena kuti ndakondera, msampha wonse uwonongeka. Ukangofwamphuka, woyamba kulowa ndinu."

"Mwanawe," adatero mayi aja, "msampha wakowo wagwira kale. Wagwira ine."

Koma msampha udafwamphukadi. Mfumu idadzikhula mpaka tsinde lidagwa. Idaitanitsa msonkhano, maso ali psuu. Nungu adatsekula pakamwa, Gologolo adatsekula pakamwa, mfumu idaponda pansi.

"Khalani chete nonse. Lero womaliza kuyankhula ndine. Ndidatsekula khomo, nyimbo zathu zidamira. Ndidatseka khomo, zidafera panja, ine n'kumadyedwa wamoyo. Tsono imvani. M'mawa ndi wa nyimbo zobadwira m'dziko lino, mtundu uliwonse tsiku lake monga kale, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Masana alendo aimbe mmene angathere, poti nafenso timazikonda. Akakowa abwerere. Ndipo mtedza umene alendo amapereka pakhomo, wina uzipita kwa oimba athu, kuti asamaimbe ndi njala."

Lamulo labwino ilo, anthuni. Ngakhale ine sindikadalikonza kuposa pamenepo. Likadangobwera chaka chija amayi aja akadali ndi miyendo.

Achule adatenga tsiku lawo, anjiwa lawo, ankhululu lawo. La agologolo lidali m'njira. Koma amake Gologolo adali atagona pamphasa, osathanso kufika ndi pakhomo pomwe.

Chinkhwe adabwera kwa mnzake uja akudandaula. "Bwanawe, masana ndikuimbira ndani? Ena ali kumunda, ena ali mtulo. Makutu onse ali m'mawa. Ndipezere m'mawa umodzi wokha, ndikupatsa mtedza woti udye mpaka mvula."

Apa munthu wanzeru akadati zakwana. Koma nzeru za ukathyali zili ngati mphere, ukakanda pano payabwa apo. Gologolo adakanda mutu.

"Mfumu yati chiyani kodi? Yati nyimbo zobadwira kuno. Sidanene za woimba. Woimba abadwire kulikonse."

"Nanga ine nyimbo ya kuno ndiitenga kuti?"

"Ndili nayo kunyumba. Yaitali, yakalekale, yopanda woimba."

Ndipo mumtima mwake ankati akuchita zabwino. Amayi sangayende, Chinkhwe ali ndi mutu wogwira ngati ulimbo, nyimbo imveka dziko lonse, mtedza ulowa m'nkhokwe. Mbalame zonse ndi mwala umodzi. Sadamuuze Chinkhwe kuti ndi nyimbo ya chiyani. Adaopa kuti angaikane.

Adamubisa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kabowo ka m'khoma, iye nalowa.

"Amayi, ndabwera kudzaphunzira."

Mayi aja adatsekula maso. "Wati chiyani?"

"Nyimbo ija. Ndabwera kudzaphunzira."

Nkhalamba idadzuka yokha, imene inkachita kutembenuzidwa. Idapempha madzi, idatsuka kukhosi, idamanga mpango bwinobwino ngati ikupita ku ukwati. Misozi ili mbwembwembwe. Idati, "Ndinkadziwa kuti ubwera. Anthu ankati mwana wanga ndi wotayika, ine ndinkakana. Sendera kuno, bambo."

Ndiye idayamba. Mawu aja adabwerera, sindidziwa adachokera kuti. Idayambira kwa gologolo woyamba amene adatsika mumtengo kudzalawa mtedza, n'kumatsika nawo mzere, dzina ndi dzina, wopha njoka, wobereka amapasa, wothawa nkhondo ndi mbewu m'masaya. Nyimbo yoyenda pang'onopang'ono ngati anthu osenza katundu wolemera. Dzina lililonse likatha, pamakhala povomera.

Gologolo adakhala pamphasa, koma makutu adali kunjira. Ankaopa kuti Nungu angadutse n'kuona nthenga zobiriwira kuseri kwa nyumba. Tsamba likagwa, iye khosi tembenu.

"Vomera, mwanawe."

"Mmm," ankatero Gologolo.

Mpaka nyimbo idafika pa dzina la bambo ake omubala, n'kuthera pomwepo. Mayi adagona chagada, akupuma mwabefu.

"Wagwira?"

"Ndagwira, amayi. Yasungika pabwino."

"Ndiye ndife tsopano, palibe kanthu."

Tsiku la agologolo lidafika. Nungu adali pakhomo. Adaona Chinkhwe, nati, "Ino ndi nthawi ya zobadwira kuno!" Gologolo adati, "Mverani kaye, a Nduna, mundiuze ngati idabadwira kutsidya." Chinkhwe adaimba poyambira pake, Nungu adaizindikira, napatuka pakhomo.

Koma Chinkhwe ndi Chinkhwe. Ntchito yake amaidziwa. Adaona kuti maina aja achuluka, anthu atopa, ndiye adawadula onse. Adaona kuti ikuyenda pang'onopang'ono, adaithamangitsa. Povomera paja adaikapo kuwomba m'manja. Idatuluka nyimbo, amayi inu! Dziko lonse lidaimirira. Anyani adasiya kuba chimanga. Mfumu idavina, akakowa ali pamsana. Agologolo achinyamata ndiwo adavina koposa, akuti imeneyi ndiye yathu, tamvekanso ife!

Amake Gologolo adaimva ali pamphasa. Adafunsa mnansi uja kuti, "Akuvinawo, akuvina maliro a yani?"

Mnansi adadzuka kukatseka chitseko.

"Bwanji osadikira ndife kaye?" adatero mayi aja. Adatembenukira kukhoma. Dzuwa lisanapendeke, kunyumbako kudamveka kulira.

Mwatonthola tsopano eti? Lufina, foni ija yalira, suyankha?

M'mawa mwake adzukulu adapita kukakumba manda. Mkulu wawo adali Fuko. Mukuwadziwa adzukulu, pamaliro ndiwo aufulu, amanyoza anamfedwa, amalanda nkhuku, palibe wowaletsa. Atatha kukumba, Fuko adakhala pamulu wa dothi, nati, "Ife yathu tatha. Mwini maliro, bwera nayo nyimbo tiwaperekeze amako. Si iwe ukusunga nyimbo za dziko lonse?"

Gologolo adathamangira kwa Chinkhwe. "Bwanawe, nyimbo ija. Ndipatse yonse, mmene udaimvera, ndi maina omwe. Mtedza wako wonse ndikubwezera."

Chinkhwe adagwetsa mapiko. "Maina aja? Ndidawataya tsiku lomwe lija. Ine m'mutu ndimasunga zovinika, zinazo ndilibe poika. Bwanji sudandiuze kuti ndi yoikira maliro? Kwathunso tili nayo yotero, ndipo sindidaiimbepo pagule. Ukadanena, sindikadaikhudza."

Gologolo adathamangira kwa Kamba, amene adaona zaka zambiri kuposa onse. "Agogo, inu mudaimva chaka ndi chaka."

"Ndidaimva, mwana wanga. Ikamveka ndinkavula chipewa. Koma ya eni sitisunga. Tinkati eni ake alipo."

Adazungulira agologolo achikulire, khomo ndi khomo. Uyu ankadziwa dzina la agogo ake okha. Uyo ankadziwa awiri, koma osadziwa adabala mnzake ndani. Wina adati, "Ife tinkadikira chaka chino kuti titolenso. Tinkamva kuti mayi ako ali pamzere."

Mfumu idamva chisoni. Idati, "Tenga mphako yonse, m'mawa ndi masana omwe. Kayambe iwe. Mwina ikamveka, wodziwa mbali yake avomera ali komwe aliko, muilumikize."

Gologolo adalowa m'mphako imene adailondera moyo wake wonse. Dziko lonse lidati zii. Chinkhwe adatseka mlomo, anyani adakhala pansi, kamnyamata ka Njati komwe kadaweramitsa nyanga. Chiyambire dziko, padalibe woimba amene adapatsidwa makutu ochuluka chotero.

Adayamba bwino, poti poyambira ankapadziwa. Koma atafika pamene pamayambira maina, lilime lidaterereka lokha, n'kugwera mu ya Chinkhwe ija. Adaima. Adayambanso, pang'onopang'ono, atagwira mchira ndi manja kuti usagwedezeke. Atafika pomwe paja, terere, m'gule. Kumanda kuja agologolo achinyamata adafuna kumuthandiza, adavomera mmene ankadziwira: adawomba m'manja. Akulira, akuwomba m'manja, michira ikuvina yokha. Wina adayesa kufuula dzina la agogo ake, koma padalibe poliika, nyimboyo idalibenso malo a maina.

Gologolo adayesa mpaka mawu adauma. Adatuluka, napita kumanda, mutu uli pansi. Onse ankadikira kuti Fuko amunyoze monga mwa mwambo wa adzukulu. Fuko sadanyoze. Adangoti, "Dzuwa latentha. Tiike."

Adatsitsa mphasa ija m'dzenje popanda nyimbo. Fuko adagwira khasu, koma asanaponye dothi adasuzumira m'mandamo, nayankhula ngati akuyankhula ndi munthu wopita kumsika.

"Mayi, pitani bwino. Inu musadandaule, maina mukuwadziwa nokha, mukawapatsa moni onse mmodzimmodzi. Ovutika ndi awa akubwera m'mbuyomu."

Adatembenuka, namuyang'ana Gologolo, n'kuyamba kukwirira.

Lamulo lija lidakhalabe, ndipo lidathandiza. Achule adakali ndi nyimbo yawo mpaka lero, anjiwa ali ndi yawo, ankhululu ali ndi yawo, za alendo nazonso timavina. Koma tsiku la agologolo likafika, m'mphako munkangolowa mphepo. Ndiye mukadzamuona gologolo ali panthambi, akuti tche, tche, tche, n'kuima, n'kuyambanso, musadzati akukutukwanani. Akuyamba nyimbo ya amake. Pakamwa pakulira maliro, mchira ukuvina za eni.

Yathera pompo. Za mbatata musafunse, ndadya ndekha muli kukamwa yasa. A Bizaliele, inu mumadziwa maina a oimba onse a pa kanema. Tatiuzani, agogo awo a amayi anu adali yani?